Mtsempha wa M'bondo la Galu Ukaduka: Mmene Mungamusamalire Popanda Opaleshoni

Galu amene dzulo ankathamanga bwinobwino lero wanyamula mwendo wakumbuyo, kapena akungogunditsa zala pansi osaupondera kwenikweni. Mwayang'ana kuphazi, mulibe minga, chikhadabo sichinathyoke. Kawirikawiri vuto lotere limakhala m'bondo, ndipo lofala kwambiri ndi kuduka kwa mtsempha umene madokotala a ziweto amautcha cranial cruciate ligament.

M'kati mwa bondo muli mitsempha iwiri yopingasana imene imamanga fupa la ntchafu ndi fupa la msongolo. Wakutsogolowo umaletsa fupa la msongolo kutsetserekera kutsogolo galu akaponda. Kwa munthu mtsempha wotere umaduka kamodzin'kamodzi, monga zimachitikira osewera mpira. Kwa agalu ambiri umatha pang'onopang'ono, kwa miyezi mwinanso zaka, ndipo tsiku limene galu walumpha n'kulira ndi tsiku limene wangomalizika. N'chifukwa chake eni agalu ambiri akaganiza bwino amakumbukira kuti galuyo ankatsimphina kale akadzuka m'mawa, kenako n'kumasiya.

Chinthu chimodzi muchidziwiretu: mtsempha umenewu ukaduka sulumikizananso. Palibe mankhwala, chakudya kapena kutikita kumene kungaubwezeretse. Chimene thupi limachita ndi kumanga mnofu wolimba wa chipsera kuzungulira bondo, ndipo mnofuwo, pamodzi ndi minofu ya ntchafu, ndi umene umagwira bondo kuti lisamagwedere. Ntchito yanu yonse ndi kupatsa thupi nthawi yomanga zimenezi popanda galu kuzigumula tsiku ndi tsiku. Choncho kupewa opaleshoni si kungomusiya galu kuti achira yekha. Ndi ntchito ya miyezi, ndipo yambiri imagwera inu.

Choyamba: tsimikizani kuti vuto ndi limeneli

Pali zizindikiro zimene mungaone nokha. Muuzeni galu akhale pansi. Galu wabwinobwino amapinda miyendo yonse iwiri pansi pa thupi, koma wovulala bondo amatayira mwendowo kumbali chifukwa kuupinda kwambiri kumawawa. Akaimirira, muoneni chakumbuyo: thupi amalitsamiritsa ku mwendo wabwino. Ngati vutoli lakhalitsa, gwirani mawondo onse awiri nthawi imodzi, dzanja lililonse bondo lake. Lovulalalo limakhala ndi chotupa cholimba gwa kumbali yamkati, ndipo ntchafu ya mwendowo imakhala yowonda.

Komabe zimenezi sizokwanira. Kaphande ka bondo kosuntha, vuto la m'chiuno, fupa lothyoka, matenda obwera ndi nkhupakupa, ngakhale khansa ya m'mafupa mwa agalu akuluakulu okalamba, zonsezi zimatsimphinitsa. Pitani naye kwa dokotala wa ziweto. Iye amagwira fupa la ntchafu ndi dzanja limodzi, la msongolo ndi linalo, n'kuyesa kukankhira la msongolo kutsogolo. Likatuluka ngati dirowa ya tebulo, mtsempha waduka. Galu wamantha amalimbitsa minofu mpaka bondo kuoneka lolimba, motero nthawi zina dokotala amayamba wamubaya mankhwala omufooketsa. X-ray sionetsa mtsemphawo, koma imaonetsa kutupa kwa m'bondo ndi nyamakazi, komanso imathandiza kutsimikiza kuti si fupa. Inu musayese kukankha bondolo kunyumba. Simudziwa chimene mukumva m'manjamo, ndipo galu womva ululu amaluma ngakhale mbuye wake.

Musachoke musanafunse zinthu ziwiri: kodi mtsempha waduka wonse kapena mbali chabe, ndipo kodi meniscus ili bwino? Meniscus ndi kachicherewecherewe kamene kali pakati pa mafupa awiriwo. Bondo likamagwedera, mafupa amakapana mpaka kung'ambika, ndipo ululu wake sumva kupuma.

Chachiwiri: onani ngati njirayi ikumuyenera galu wanu

Apa tisanamizane, kulemera kwa galu ndi kumene kumalamula. Mu 1984 Philip Vasseur wa ku University of California, Davis anafalitsa zotsatira za agalu amene sanachitidwe opaleshoni. Mwa agalu osapitirira makilogalamu 15, pafupifupi 86 pa 100 alionse anachira kapena kupeza bwino. Mwa olemera kuposa pamenepo, anali 19 okha pa 100. Kafukufuku wina wa mu 2013 ku University of Minnesota anatsatira agalu onenepa, ndipo onse ankachepetsedwa thupi, kumwa mankhwala ndi kuchita masewera olimbitsa mwendo. Patatha chaka, pafupifupi 64 pa 100 mwa amene sanachitidwe opaleshoni anali bwino, pamene mwa amene anawonjezera opaleshoni ya TPLO (yodula fupa la msongolo n'kusintha kakhalidwe kake kuti bondo lisamagwedere) anali 75 pa 100.

Ine ndimawerenga ziwerengerozi motere. Galu wamng'ono, wokalamba amene sathamanganso kwambiri, kapena wa matenda a mtima kapena impso amene kumugoneka pa opaleshoni n'koopsa, njira iyi ikumuyenera. Galu wamkulu wachinyamata, monga Labrador, Rottweiler, Boxer kapena Newfoundland, opaleshoni ndiyo imamupatsa mwayi waukulu. Ngati opaleshoniyo siingatheke, kaya chifukwa cha ndalama kapena kusowa dokotala woidziwa, musataye mtima, koma musayembekezere kuti adzabwerera mwakale ndendende. Cholinga chikhale galu woyenda osamva ululu, osati wothamangitsa mpira. Ndipo nyamakazi idzabwera ndithu m'bondomo, ndi opaleshoni kapena popanda. Chimene mungasinthe ndi kukula kwake.

Chachitatu: mutsekereni, ndipo musagonje

Masabata 6 mpaka 8 oyambirira galu asathamange, asalumphe, asakwere masitepe, asasewere ndi agalu anzake. Mupezereni kachipinda kapena khola loti akhoza kuimirira, kutembenuka ndi kugona atawongola miyendo, basi. Pansi pakhale posaterera. Matailosi ndi simenti yosalala ndi adani a bondo lotere, choncho yalani kapeti kapena mphira paliponse pamene adutse. Pogona pakhale pofewa koma pafupi ndi pansi. Ngati anazolowera kukwera pa sofa kapena pabedi, tsekani njira. Wengani zikhadabo, chifukwa zikatalika phazi siligwira pansi bwino.

Kunja azipita pa chingwe chachifupi, ndipo masabata awiri oyambirira kukhale kukakodza ndi kuchita chimbudzi kokha, katatu kapena kanayi patsiku, mphindi zosapitirira 5. Chingwe chimangidwe musanatsegule chitseko, osati mutatsegula. Ngakhale pabwalo lotchingidwa ndi mpanda musamumasule. Mphaka mmodzi wodutsa akhoza kugumula ntchito ya mwezi wathunthu. Kumumangirira pa unyolo wautali nakonso si kumupumitsa, chifukwa amathamanga mpaka pamene unyolo wathera n'kudzigwedeza mwamphamvu. Galu wamkulu muzimuthandiza kudzuka ndi thaulo: lipindeni m'litali, lidutsitseni pansi pa mimba pafupi ndi miyendo yakumbuyo, gwirani nsonga zonse pamwamba pa msana. Simukumunyamula, mukungomuchirikiza kuti akaterereka asagwe. Kwa wamphongo samalani kuti thaulo lisatseke pokodzera. Wamng'ono mungomunyamula, dzanja lina pachifuwa, lina kumbuyo.

Nthawi yoopsa si sabata yoyamba. Sabata imeneyo galu akumva ululu ndipo amadziletsa yekha. Yoopsa ndi sabata yachiwiri kapena yachitatu, pamene kutupa kwaphwa, mankhwala akugwira, galu wayamba kuponda ndipo akukuyang'anani ndi maso omvetsa chisoni. Pakhomo pamapezeka wina wonena kuti, "Aa, wachira uyu, mumasuleni pang'ono." Sanachire. Chatha ndi kutupa, bondo likugwederabe monga tsiku loyamba, ndipo chipsera chija changoyamba kumene. Agalu ambiri amene njirayi imawakanika amaonongekera pamenepa. Gwirizanani ndi onse a pakhomo, ana omwe, kuti lamulo ndi limodzi. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Galu wotsekeredwa amanyong'onyeka, ndipo wonyong'onyeka amauwa, amakanda chitseko, amalumpha. Mutopetseni mutu m'malo mwa miyendo. Mwazani chakudya chake m'thaulo lopindapinda kuti azichifufuza ndi mphuno. Mupatseni choti azitafuna. Khola likhale pamene anthu amakhala, osati kuseri kumene azingomva mawu anu chapatali. Ngati zakanikiratu, dokotala ali ndi mankhwala omukhazika mtima pansi, ndipo kuwapempha si manyazi.

Chachinayi: ululu ndi kutupa

Masiku atatu oyambirira ikani ayezi pabondo mphindi 10 mpaka 15, kawiri kapena katatu patsiku, atakulungidwa m'kansalu, osati pakhungu penipeni. Pambuyo pake nsalu yofunda ndi imene imathandiza, makamaka asanayambe kuyenda. Iyeseni pa dzanja lanu kaye.

Mankhwala opha ululu achokere kwa dokotala. Amene amaperekedwa kawirikawiri ndi carprofen, meloxicam kapena firocoxib, ndipo muyezo wake umatsata kulemera kwa galu. Musamupatse ibuprofen, diclofenac kapena naproxen wa m'kabati mwanu. Mankhwala amenewa amaboola zilonda m'mimba mwa galu ndi kuononga impso, ndipo amapha. Paracetamol nayenso musapereke mwa inu nokha. Musaphatikize mankhwala awiri a gulu la carprofen, meloxicam ndi firocoxib, kapena kuwaphatikiza ndi prednisolone. Ngati galu akumwa kale mankhwala ena, nenani. Aperekeni ndi chakudya, ndipo galu akayamba kusanza, kutsegula m'mimba, kukana kudya kapena kuchita chimbudzi chakuda bii, siyani pomwepo n'kuimbira dokotala. Akamwa kwa nthawi yaitali, magazi aziyezedwa kuti muone mmene impso ndi chiwindi zilili.

Ena amakana mankhwala poganiza kuti ululu ndi umene uletse galu kuthamanga. Maganizo amenewa sindigwirizana nawo. Choletsa kuthamanga ndi chingwe ndi chitseko. Galu womva ululu sapondera mwendo, ndipo mwendo wosapondedwa umafota, pamene minofu imeneyo ndi imene tikuidalira.

Pa zowonjezera za m'masitolo, mafuta a nsomba okhala ndi omega-3 ali ndi umboni wooneka pa nyamakazi ya agalu. Glucosamine ndi chondroitin umboni wake ndi wofooka. Ngati ndalama ndi zochepa, ziyambe zapita ku mankhwala ndi kwa dokotala.

Chachisanu: achepe thupi

Pa zonse zimene mungachite, ichi n'chimene chimabweza zambiri ndipo sichilira ndalama. Yendetsani manja m'mbali mwa chifuwa: nthiti zizimveka mosavuta popanda kudinikiza. Mukamuyang'ana kuchokera pamwamba, pakhale chiuno chooneka kumbuyo kwa nthiti. Madokotala amapima thupi la galu kuyambira 1 mpaka 9, ndipo loyenera ndi 4 kapena 5. Wovulala bondo ndi bwino akhale pa 4.

Kafukufuku wa mu 2010 ku University of Glasgow anapeza kuti agalu onenepa a nyamakazi anayamba kutsimphina mochepa atangotsika ndi 6 peresenti ya kulemera kwawo. Kwa galu wa makilogalamu 30, amenewo ndi makilogalamu osakwana 2. Liwiro labwino ndi 1 mpaka 2 peresenti pa sabata, kutanthauza magalamu 300 mpaka 600 kwa galu yemweyo. Kumbukirani kuti galu wotsekeredwa sagwiritsa ntchito mphamvu zambiri, choncho mukapitiriza muyezo wakale anenepa. Pimani chakudya pa sikelo, osati ndi maso. Zotsala za patebulo zithe. Zomunyengerera pophunzira zichoke pa muyezo wa tsikulo, zisakhale zowonjezera. Mupimeni masabata awiri alionse. Ngati ndi wamng'ono, kwerani naye pa sikelo, kenako kwerani nokha, n'kuchotsera.

Chachisanu ndi chimodzi: mubwezereni mphamvu pang'ono ndi pang'ono

Kupuma kokha kumafotetsa mwendo, choncho kuyenda kumayambika msanga koma mwa muyezo. Nthawi zimene ndikutchula pano ndi chitsanzo chabe. Dokotala amene wagwira bondolo akhoza kuzisintha.

M'masabata awiri oyambirira, ululu ukachepa, mugonekeni chammbali mwendo wovulala uli pamwamba. Dzanja lina ligwire pamwamba pa bondo, lina pansi pake. Pindani mwendo pang'onopang'ono n'kuuwongola, maulendo 10, kawiri patsiku. Musaupotoze, musaukokere kumbali, ndipo musauwongole mpaka mapeto. Akalimbitsa thupi, akatembenuza mutu kuyang'ana dzanja lanu kapena kunyambita milomo, mwapitirira. Sisitani ntchafu mofatsa musanayambe ndi mukamaliza.

Kuyambira sabata yachitatu, yambani kuyenda naye mphindi 5, kawiri kapena katatu patsiku, pamalo afulati. Chinsinsi chili pa kuyenda pang'onopang'ono kwenikweni, mpaka inu kutopa nako. Galu akafulumira amanyamula mwendo wovulala n'kumadumphira itatu. Akachedwa amakakamizika kuponda ndi yonse inayi. Onjezani mphindi 2 kapena 3 sabata iliyonse. Pa nthawi yomweyi yambani izi: ataimirira pamalo osaterera, ikani manja m'chiuno mwake n'kumukankhira pang'ono kumanzere, kenako kumanja, kuti thupi lizitsamira mwendo wovulala kwa kamphindi.

Chapakati pa sabata ya 4 ndi ya 6, ngati akuponda pa sitepe iliyonse, onjezani kukhala ndi kuimirira. Muimikeni m'mbali mwa khoma, mwendo wovulala uli ku khomako kuti asautayire kunja, n'kumuuza akhale, kenako aimirire. Maulendo 5 ndi okwanira poyamba. Ngati sangathe kukhala mowongoka, nthawi yake sinakwane. Pambuyo pa sabata ya 6 mpaka 8 mukhoza kuika timitengo pansi motalikirana kuti azidumphitsa mapazi akuyenda, kuyenda naye mokhotakhota, ndi kukwera kachitunda kosatsetsereka kwambiri.

Madzi amathandiza chifukwa amanyamula thupi. Makina oyendera m'madzi amene amapezeka kwa akatswiri olimbitsa ziweto ndi abwino koposa. Kumuponya m'dziwe kuti asambire n'kwina: galu amapalasa mwamphamvu, ndipo polowa ndi potuluka ndi pamene amaterereka. Musafulumire nako.

Lamulo la zonsezi ndi limodzi. Ngati mawa lake akutsimphina kuposa dzulo, mwachulutsa. Mupumitseni masiku awiri, bwererani pa muyezo wa sabata yapita. Kumumasula pa chingwe kusaganiziridwe miyezi 3 kapena 4 isanathe, ndipo kwa agalu akuluakulu nthawi zambiri zimafika miyezi 6 kapena kupitirira. Masewera oponya mpira, amene galu amathamanga n'kuima mwadzidzidzi akutembenuka, ndi bwino athe mpaka kalekale.

Za zomangira bondo ndinene mwachidule. Chopangidwa motsata muyezo wa mwendo wa galu wanu chimathandiza ena poyenda, koma umboni wake ndi wochepa, ndipo chimanyula khungu, choncho chivulidwe pogona ndipo khungu liziyang'anidwa tsiku lililonse. Zansalu zogula mwachisawawa sizigwira bondo. Bandeji yomanga nokha musayese n'komwe, imatsetsereka n'kutseka magazi.

Chachisanu ndi chiwiri: lembani, ndipo dziwani poleka

Maso amene amaona galu tsiku lililonse saona kusintha. Sabata iliyonse mujambuleni pa foni akuyenda, chammbali ndi chakumbuyo, pamalo omwewo. Masabata awiri alionse yezani ntchafu zonse ziwiri ndi tepi, pamalo amodzimodzi, galu ataimirira. Ntchafu yovulala ikamayandikira inzake, zikuyenda. Ikamapitiriza kuwonda, mwendowo sakuugwiritsa ntchito, kaya akuoneka wosangalala bwanji. Bwererani kwa dokotala pakatha masabata 4, kenako 8, mutatenga makanemawo.

Musadikire tsiku limenelo ngati galu amene ankapeza bwino wanyamulanso mwendo mwadzidzidzi, kapena mukumva kaphokoso kothetheka m'bondo akamayenda. Kawirikawiri imeneyo ndi meniscus yang'ambika, ndipo ikatero opaleshoni ndiyo imachotsa ululu. Chimodzimodzi ngati bondo latentha ndi kutupa kwambiri, ngati akulira usiku, kapena wasiya kudya. Ndipo ngati masabata 8 atha, mwatsata zonse, koma akuyenderabe miyendo itatu, njirayi yakanika pa galu ameneyu. Kambiranani za opaleshoni, kaya TPLO, TTA (inanso yodula fupa la msongolo) kapena yomanga bondo ndi ulusi wolimba kunja kwake, imene kawirikawiri imachitidwa pa agalu ang'onoang'ono. Zimene munachita sizinapite pachabe, chifukwa galu wochepa thupi ndi wozolowera khola savuta kusamala akachoka ku opaleshoni.

Pomaliza yang'anirani mwendo winawo. Popeza mtsempha umatha chifukwa cha mmene galuyo alili, osati ngozi yokha, agalu 40 mpaka 60 pa 100 alionse amadzadukanso wa bondo linalo, ndipo pa miyezi yonseyi bondo limenelo ndi limene lasenza katundu. Mukamayeza ntchafu, ligwireninso. Mukamuuza akhale pansi, onani miyendo yonse iwiri. Galu wovulala mawondo onse amavutika kudzuka, amayenda atakhotetsa msana thupi lili kutsogolo, ndipo anthu ambiri amayesa ndi vuto la msana kapena chiuno. Mukaona zimenezo, muuzeni dokotala ayambire kuyeza mawondo.